Fodya adatha ligi ikadalipo: lipoti la timu manija pa masewero a 2024

Lipoti ili ndidalilemba kuti ndikawerenge pamsonkhano wa komiti yathu titamaliza masewero a 2024 mu ligi ya Chipiku, ya m'chigawo chapakati. Anzanga ena oyendetsa matimu a m'maboma atamva kuti ndidasunga kaundula wa chilichonse, kuyambira sopo wochapira jezi mpaka mayina a obwera ku tireningi tsiku ndi tsiku, adandipempha kuti ndiliike poyera. Dzina la timu ndi mayina a anthu ndachotsamo, chifukwa ena tikadali nawo ngongole ndipo ena timapemphera nawo tchalitchi chimodzi.

Timu yathu ndi ya pamalo ena ochitira malonda kunja kwa tauni ya Kasungu, pomwe tala amathera n'kuyamba fumbi. Ine ndine timu manija, ntchito yopanda malipiro. Amene sadaigwirepo adziwe kuti timu manija ndiye amasaka galimoto, amasunga makhadi a osewera, amalandira oyimbira, amagula nthochi ndi madzi, ndipo timu ikagonja ndiye amayenda wapansi kudutsa pamsika anthu akumuloza ndi milomo.

Mu 2024 ligi za m'zigawo ndizo zidali khomo lolowera mu Super League. Mwa matimu 16 a ligi yaikuluyo atatu ankatsika, ndipo akatswiri a kumwera, pakati ndi kumpoto ankakwera, mmodzi chigawo chilichonse. Kuno anthu sayiwala kuti TN Stars, timu ya ku Kasungu konkuno, idafikako, matimu akuluakulu n'kumabwera kudzasewera pa Kasungu Stadium. Ndiye mukamauza munthu wa ku Chamama kapena ku Santhe kuti cholinga chanu n'kungokhalabe mu ligi, amakuonani ngati wamantha. Komiti yathu idagwirizana mu Malichi kuti tikulimbirana malo apamwamba. Ine ndidavomereza nawo, ndidakwezanso mkono.

Osewera ndi gwero la ndalama

Tidalembetsa osewera 27. Mwa iwo, 9 ndi ana a alimi a fodya kapena matenanti a m'maesiteti, 6 ndi a kabaza, 4 adali ana a sukulu ya sekondale, 2 ndi aphunzitsi a pulayimale, ndipo 6 tidawatenga ku Lilongwe n'kuwapezera nyumba ya lendi. Manambala amenewa muwasunge, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Ndalama zinkachokera kutatu. Woyamba ndi bambo wina mwini esiteti, amene tinkangomutchula kuti Bwana. Wachiwiri ndi wogulitsa zipangizo za ulimi pamsika pathu. Kachitatu ndi zopereka za masapota ndi zapachipata. Pamapepala zimaoneka ngati zitsime zitatu. Zoona zake n'zakuti chidali chitsime chimodzi chokhala ndi zidebe zitatu: Bwana amapeza ndalama akagulitsa fodya, wasitolo amapeza ndalama alimi akagulitsa fodya, ndipo sapota amalipira pachipata m'thumba mukakhala ya fodya. Ndidakhala m'komiti zaka zitatu osaona chinthu choonekeratu chotere.

Chaka chimenecho chidatinamizanso mwapadera. Kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo popeza fodya amagulidwa m'madola, mlimi amene adatengera mabelo ake ku okushoni ya fodya ya ku Chinkhoma msika utatsegulidwa mu Epulo adabwerako ndi makwacha ambiri kuposa kale lonse. Mitengo ya fodyayo idalinso yabwino. Koma nyengo yomweyo ng'amba idawononga chimanga m'dziko muno, moti mu Malichi 2024 Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera adalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Ndalama zidali zambiri m'manja, chakudya chidali chochepa m'nkhokwe. Ife tidaona m'manja mokha.

Miyezi ya mafuta

Kuyambira Meyi mpaka Julayi timu idayenda ngati mtsinje wa Bua m'dzinja. Pakhomo sitidagonje. Tikapita koyenda tinkakwera minibasi ziwiri, osati lole, ndipo kawiri konse tidagona kumalo ogona alendo usiku woti mawa tisewera. Bwana ankabwera kubwalo ndi envulopu. Tsiku lina titapambana 3-0 adaima pakati pa anyamata n'kulengeza kuti gemu bonasi yawirikizidwa kawiri. Anyamata adamunyamula m'mwamba. Msungichuma wathu, mayi wodekha amene amagwiranso ntchito ku banki m'khonde, adandikoka malaya n'kunena kuti, “Achimwene, mawu amenewa ndani adzawalipire mu Okutobala?” Ndidamuyankha kuti asatilodze ndi pakamwa.

Chaka chonse tidatolera ndalama zokwana K12 miliyoni ndi kakusefukira pang'ono. Pofika kumapeto kwa Julayi tidali titadya K8 miliyoni, masewero tisadafike nawo ngakhale pakati penipeni. Zambiri zidapita kwa anyamata 6 a ku Lilongwe aja: ndalama yosainira, lendi, ufa, ndiwo, makala, mayunitsi, ndi thiransipoti yopita kukaona makolo mwezi uliwonse. Sindikunena kuti adali osewera oipa. Awiri mwa iwo adali bwino zedi, makamaka wapakati wina wamanzere amene ankaponya mpira ngati wauyeza ndi chingwe. Koma munthu mmodzi wobwera ankatidyera ndalama yomwe ikadasamala anyamata anayi a pakhomo, amene amagona kwawo ndi kudya kwawo.

Pali mzere wina m'kaundula womwe udalembedwa kuti “zina ndi zina”. Aliyense woyendetsa mpira kumudzi akudziwa zomwe zimabisala mumzere umenewu. Agogo ena a kutsidya kwa dambo ankatipatsa madzi owaza pagolo ndi malangizo akuti tisalowere pachipata. Ine maganizo anga pa zimenezi ndidzanena tsiku lina. Pano ndingonena za kaundula: ndalama ya agogowo chaka chonse ikadalipira ulendo umodzi wathunthu wa koyenda, ndipo ulendo umodzi ndi womwe udatsala pang'ono kutitulutsa mu ligi.

Zapachipata musazidalire ngati bwalo lanu lilibe mpanda. Lathu ndi la pasukulu. Tinkazunguliza chingwe ndi masaka, koma kumbuyo kwa golo yakum'mawa kuli chulu chachikulu ndi mitengo iwiri ya mango, ndipo kumeneko ndiko kunkadzaza kuposa mkati. Ukachotsa ya oyimbira, ya apolisi, ya anyamata olondera chingwe ndi laimu wolembera bwalo, zotsala zinkakwana madzi ndi malalanje. Masewero awiri tidawapititsa ku Kasungu Stadium poganiza kuti kumpanda tikapeza phindu. Tidaiwala kuti sapota wathu sangalipire galimoto yopita kutauni n'kulipiranso pachipata. Tidasewera pakhomo ngati alendo.

Cholakwa changa pa khadi

Ichi ndichinene mwachidule, ngakhale chimandiwawa. Kulembetsa osewera masiku ano kumadutsa pa intaneti, mu dongosolo la FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, lotchedwa Mpira Connect, ndipo wosewera wochokera ku timu ina amayenera kumasulidwa kaye ndi timu yakeyo. Wotchinga kumbuyo wina tidamutenga titangogwirizana pafoni ndi mkulu wa timu yake yakale. Mkuluyo adati, “Mutengeni, ndi mwana wanu ameneyo.” Ine ndidatenga mawuwo ngati chikalata. Tidamuseweretsa, tidapambana, anzathu adakadandaula, ndipo mapointi atatu adapita. Adandaulawo sadalakwe. Ndikadakhala ine ndikadachitanso chimodzimodzi.

Msika utatsekedwa

Mu Ogasiti malonda a fodya adatha. Palibe adatiuza kuti ndalama zatha, zidangoyamba kuchedwa. Envulopu ya Loweruka idayamba kubwera Lachitatu, kenaka theka, kenaka uthenga wa pa WhatsApp woti “ndikuyimbirani”. Anyamata adayamba kunena kuti Bwana watithawa. Ine ndidapita kuesiteti kwake ndekha panjinga yamoto ndipo ndidamupeza ali ku nazale, matope m'miyendo, akuwerengera anthu ake mabedi a mbande. Adandikhazika pansi pa chigafa chopanda fodya n'kundionetsa kope lake. Feteleza wa chaka chotsatira, chimanga chodyetsa matenanti mpaka adzakolole, mapepala a pulasitiki, ngongole ya kukampani. Adati, “Mwana wanga, mpira ndimaukonda, koma tenanti akagona ndi njala sandikhululukira chifukwa choti timu yawina.” Sindidapeze choyankha. Munthuyo sadatinamize, ife ndife tidawerengera chaka chathu pa miyezi inayi ya chaka chake.

Wasitolo naye adali atamangirira ndalama zake zonse m'matumba a feteleza ndi mbewu, kudikira mvula.

Oyamba kuchoka adali a ku Lilongwe. Mwini nyumba atabwera kachiwiri kudzafunsa lendi, anayi adanyamula zikwama. Sindingawadzudzule: mnyamata amene alibe munda kuno, alibe amalume kuno, adya chiyani? Awiri adatsala, mmodzi chifukwa adali atapeza chibwenzi pamsika. Koma nthawi yolembetsa osewera atsopano idali itadutsa, ndiye malo anayi aja adangokhala mayina papepala. Ndipo anyamata a pakhomo amene tidawakhazika pabenchi miyezi itatu kuti alendo asewere adali atazizira kale mtima. Wina nditapita kukamunyengerera adandifunsa kuti, “Lero ndiye mwandikumbuka, akulu?”

Mwezi wotsatira tidamva kuti Blue Eagles, yomwe idali nafe mu ligi ya chigawo itatsika mu Super League chaka cha 2023, yatenga chikho cha FDH Bank itagonjetsa FCB Nyasa Big Bullets pa mapenate. Masapota athu adasangalala ngati chikho n'chathu, amvekere mwaona, ligi yathu si yamasewera. Ine ndidasangalala nawo, koma ndidaonaponso china. Imeneyo ndi timu ya apolisi, ili ndi bwalo lake ku Nankhaka, ndipo kwa iwo Okutobala ndi mwezi ngati Meyi. Adatenganso ligiyo n'kubwerera kumwamba. Pa tebulo limodzi padali matimu amene chaka chawo chili ndi miyezi 12 ndi ena ngati ife amene chaka chathu chimatha mabelo akatha. Mpira wa pabwalo sitinkasiyana kwambiri ndi matimu ambiri. Tinkasiyana pa kalendala.

Ulendo wa kunyanja

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pomwe zonse zidakumana.

Kumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala mafuta adasowa m'dziko lonse. Pa mafilingi siteshoni a m'tauni ya Kasungu magalimoto ankagona pamzere, ndipo amene adali ndi changu ankagula m'zigubu kwa mavenda pamtengo woti ukaumva umayamba waseka. Ife tidali ndi masewero Lamlungu kudera la kunyanja, njira yake ya M18 yodutsa m'nkhalango ya Nkhotakota. Eni minibasi onse awiri adakana. Wina adati akapeza mafuta ndi bwino ayende Kasungu–Lilongwe, makilomita pafupifupi 130 a tala, anthu akulipira kawiri, kusiyana n'kunyamula timu yolipira pangongole.

Lachisanu madzulo ndidapeza lole ya matani atatu ya bambo wina wonyamula mabelo. Adavomera pa mfundo imodzi: dizilo tipeze tokha. Loweruka lonse ine ndi msungichuma tidayenda khomo ndi khomo. Mphunzitsi wamkulu wa pasukulu adapereka, azimayi ogulitsa tomato adasonkha, a kabaza adachotsa pa zomwe adapeza tsikulo. Zidakwana malita 40 a m'zigubu. Dalaivala adayang'ana zigubuzo n'kupukusa mutu, amvekere kupita tikafika, kubwerera adziwa ndi Mulungu.

Tidapangana kunyamuka 5 koloko m'mawa. Usiku womwewo kudagwa mvula yoyamba yeniyeni, ya mabingu, yonunkhiritsa dothi. Aliyense wokulira kuno akudziwa tanthauzo lake. Fodya amawokeredwa dothi likadali lonyowa, sadikira kuti mwana abwereko ku mpira. Pofika 6 koloko pa lole padali anthu 8. Ndidakwera njinga yamoto kuyamba kuzungulira m'midzi. Goloboyi wathu woyamba ndidamupeza m'munda, dengu la mbande pamutu, bambo ake ali patsogolo ndi khasu. Ndidapereka moni, ndidagwada pamzere pomwepo. Madalawo adandimvetsera mpaka ndidamaliza, kenaka adati, “Aphunzitsi, mpira wanuwo mwezi wathawu udamupatsa zingati?” Adali asadalandire kanthu kuyambira Ogasiti. Ndidadzuka, ndidasasa mawondo, ndidatsanzika.

Tidanyamuka 9 koloko ndi osewera 12, mmodzi mwa iwo akudwala malungo. Pagolo padaima mwana wa Fomu 3 amene adali asadaseweretsedwepo mu ligi. Lole ya mabelo ilibe mipando, anyamata adakhala pa matayala akale ndi pazikwama, dzuwa la kuchigwa likuwawotcha, msewu ukuwagwedeza matumbo. Tidafika kutatsala mphindi 25 kuti masewero ayambe. Nsima sitidadye, tidagawana mabanzi ndi madzi a shuga. Chigawo choyamba chidatha 0-0, ndipo mpaka lero sindimvetsa kuti miyendo imeneyo adaitenga kuti. Chigawo chachiwiri tidamwetsedwa zinayi m'mphindi 20 zomaliza. Anyamata awiri adagwa ndi mitsempha yokokana, wolowa m'malo adali yemwe uja wa malungo.

Pobwerera dizilo adathera m'njira, mdima utagwa. Tidagona pa lole. M'mawa aphunzitsi athu awiri aja adajomba kuntchito, ana a sukulu adajomba m'kalasi, ndipo mayi wa mwana wa Fomu 3 uja adabwera kunyumba kwanga kudzandiuza mawu omwe sindingawalembe pano. Adali ndi chifukwa.

Masewero a koyenda otsatira sitidapite n'komwe. Ndidalemba kalata yopempha kuti asinthe tsiku, koma ndidaitumiza mochedwa, ndipo kusowa ndalama si chifukwa chomwe malamulo a mpikisano amachimva. Mapointi adapita kwa anzathu, chindapusa chidabwera kwa ife.

Kaundula wa tireningi akufotokoza nkhani yomweyi popanda mawu ambiri. Mu Juni pa tireningi pankabwera anthu 22 kapena 23. Mu Sepitembala 15. Sabata ya mvula yoyamba, 7, ndipo tsiku lina kochi adangowagawa atatu atatu, wotsalayo n'kukhala goloboyi wa mbali zonse. A kabaza nawo sadali aulesi: petulo atasowa, wa njinga yamoto ankataya tsiku lonse pamzere, ndipo wa njinga yakapalasa ndiye adapeza makasitomala ambiri moti kusiya ntchito 3 koloko kuti akathamange pabwalo kudali kutaya ndalama ya ufa.

Momwe tidapulumukira

Tidatsala ndi masewero atatu, awiri pakhomo. Kochi, munthu wosalankhula kwambiri, adabwera ndi nzeru yomwe ine sindikadaiganiza. Adasuntha tireningi kuchoka madzulo kupita masana, nthawi yomwe anthu aweruka kumunda dzuwa litakula, n'kuifupikitsa kukhala ola limodzi. Kenaka adauza timu yonse kuti Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa tikagwira ntchito m'minda ya osewera anzathu, munda umodzi tsiku limodzi, ngati dima lakale koma lopanda mowa. Anthu 14 pamunda wa maekala awiri ntchito imatha 10 koloko isadakwane. Tidayambira dala kwa madala aja a goloboyi. Sadanene chilichonse, koma Loweruka mwana wawo adabwera ndi magolovesi ake, ndipo madalawo ndidawaona pachulu paja atakhala pa njinga.

Tidapambana awiri a pakhomowo, wina 1-0 wina 2-1, wa koyenda tidagonja. Tidamaliza pamwamba pang'ono pa mzere wa otsika. Mukaphatikiza mapointi atatu a khadi aja ndi masewero omwe sitidapite, mupeza kuti omwe tidataya ndi cholembera ndi thumba akadatikweza malo angapo popanda kumwetsa chigoli china chilichonse.

Pamsonkhano wa komiti ena adafuna kuti kochi achotsedwe. Ndidawawerengera manambala a tireningi ndi a ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo nkhani ya kochi idafera pomwepo. Apampando adafunsa kuti nanga wolakwa ndani. Ndidati tiyambire pa ine, amene ndidauza msungichuma kuti asatilodze.

Zomwe tidagwirizana n'zochepa. Ndalama iliyonse yolowa pakati pa Epulo ndi Julayi, theka lake likatsekeredwe ku akaunti ya osainira atatu, lisakhudzidwe mpaka Sepitembala, ndipo likhale la mayendedwe okha. Bwana tidamupempha mwaulemu kuti asamalengezenso bonasi pabwalo, azipereka kwa msungichuma mwakachetechete. Adaseka, adavomera, ngakhale ndikudziwa kuti kunyamulidwa m'mwamba kuja ankakukonda. Osewera obwera asapose awiri. A gulupu adatibwereka maekala atatu kudambo, tidadzalamo soya, chifukwa soya ukhoza kumusunga n'kumugulitsa nthawi yomwe wafuna, pomwe fodya amakuuza yekha tsiku logulitsa. Nkhani ya agogo a kutsidya kwa dambo idakanika kugwirizana, tidaisiya kuti tidzaikambenso.

Kuyambira 2025 FAM idakhazikitsa National Division League, yothandizidwa ndi NBS Bank, pakati pa Super League ndi ligi za m'zigawo. Kwa timu ngati yathu zikutanthauza kuti makwerero awonjezeka limodzi, ndipo amene wakwera amayenda dziko lonse, osati chigawo chapakati chokha. Achinyamata a m'komiti akuti tilimbikire tikafikeko. Ine ndidawapempha kuti ayambe awerengera dizilo wa ulendo umodzi wa ku Karonga kapena ku Mulanje mu Novembala, abwere ndi nambala, kenaka tikambirane.

Mwini lole uja tidamulipira ndi matumba asanu ndi limodzi a soya titakolola. Akuti atsala awiri, ife kaundula wathu akuti latsala limodzi, ndipo dalaivala amene akadatiweruza adapita ku Joni.